Ndinagula chipewa ndisanagule kamera



Mwana wa mlongo wanga, yemwe amajambula zinkhoswe ndi maukwati pa Ntcheu, wandiumiriza kwa miyezi itatu tsopano pa WhatsApp kuti ndimuuze dzina la kamera imene ndimajambulira anthu akamagwa kuchokera m'ndege. Iye akuganiza kuti chinsinsi chonse chagona pa dzinalo. Ndamuyankha kangapo koma sakukhutira, ndiye ndati ndilembe kuno poti nyuzipepala yanu saiphonya, mwina mawu osindikiza awamvera kuposa a malume ake.

Ndinabwera kuno ku Joni mu 2012. Nditasesa mabwalo a anthu kwa chaka, ndinapeza ganyu pabwalo lina la ndege zing'onozing'ono kunja kwa Johannesburg, kumene anthu amadumpha ndi maparachuti. Ntchito yanga inali yopinda maparachutiwo, ndipo ankandilipira powerenga amene ndapinda. Ndinagwada pansi zaka zitatu ndikupinda nsalu za anzanga, kenaka ndinasunga ndalama n'kuphunzira kudumpha. Sindinachedwe kuona kuti pabwalopo amene amadya bwino ndi wojambula. Mlendo akabwera kudzadumpha koyamba amamumangirira kwa mphunzitsi, awiriwo n'kugwa ndi parachuti imodzi, ndipo alendo ambiri amalipira kuti wina agwe nawo limodzi aziwajambula. Wojambulayo ndege amakwera ulere, akatsika n'kulandiranso malipiro. Ine wolipira ulendo uliwonse kuchokera m'mawondo anga, mtima unali dyokodyoko.

Nditadumpha maulendo 140 ndinagula GoPro yakale kwa mnyamata wina, n'kuimata pamwamba pa chipewa changa ndi kamwendo kake kapulasitiki kaja, kamene amamatira okwera njinga. Ndikupita kundege, mayi wina wachikulire amene wajambula mlengalenga zaka zambiri anandiimitsa. Sanakalipe. Anatola kachingwe ka parachuti yakutha, n'kukadutsitsa pamutu panga pang'onopang'ono. Kachingweko kanakodwa pansi pa kamera. Anakoka, mutu wanga unapendekeka ngati wa mbuzi yopita kumsika.

"Achimwene," anatero m'Chingerezi chake chosathamanga, "ili ndi dzanja la nkhalamba. Nanga ikakukokani ndi parachuti?"

Apa mpamene pali nkhani yonse. Munthu akamagwa chafufumimba amathamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola. Parachuti ikamatuluka kumsana, zingwe zake zimadutsa m'mbali mwa mutu. Ukakhala utapendekeka pang'ono, chingwe chimodzi chikhoza kukola chilichonse chotumphuka pachipewa. Parachuti yokodwa chotero siitseguka bwino, ndipo ukaimasula kuti utulutse yachiwiri, yoyambayo siichoka chifukwa yamangika kumutu kwako. Yachiwiri imakakulungana ndi yoyamba. N'chifukwa chake bungwe la odumpha la ku America, USPA, limalangiza kuti munthu asanyamule kamera iliyonse, ngakhale kakang'ono bwanji, asanakwanitse maulendo 200, ndipo ku Britain amafuna laisensi ya C, imene imafunanso maulendo 200. Pabwalo pathu lamulo ndi lomwelo. Ine ndinkalidziwa, koma ndinkati limakhudza makamera akuluakulu okha.

Mayiyo anandiuzanso kuti chingwe si mdani wamkulu. Mdani wamkulu ndi maganizo. Mu 1988 ku North Carolina, wojambula wina wodziwa ntchito, amene anali atadumpha maulendo mazanamazana, anatuluka m'ndege kamera ikujambula bwinobwino, koma parachuti asanavale. Nkhaniyi odumpha onse amaidziwa, ndipo saikamba moseka.

Ndinamatula GoPro ija n'kuisunga m'sutikesi miyezi isanu ndi iwiri.

M'miyezi imeneyo ndinagula chipewa. Mphwanga, tamvera apa, poti iwe ukanayambira kusitolo ya makamera. Chipewa cha wojambula chimakhala chosalala, chathyathyathya pamwamba pokhazika kamera, chokhala ndi kachikho kogwira chibwano kuti chisagwedere. Koma chimene umalipirira kwenikweni ndi kachogwirira kamene ukakoka kamodzi, chipewa chonse chimachoka kumutu. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku loipa likadzafika udzataya chipewa ndi makamera onse, ndalama za chaka chathunthu, zikagwere m'munda wa chimanga wa mzungu. Ndinaphunzitsidwa kuyeseza ndili pansi: dzanja pakachogwirira, maso otsinzina, mpaka dzanja lizolowere. Kugula chinthu chodula chimene ntchito yake ndi kukuthandiza kutaya zinthu zodula kunandiwawa, sindinama. Mipata yonse yapakati pa kamera ndi chipewa timaitseka, kaya ndi kachikombole kosalala kozungulira kamerayo kaya ndi tepi yakuda, kufikira kachingwe kakamadutsa kazingotsetsereka.

Kamera yazithunzi ndinasankha Sony a6000, yogula kwa wina. Inatuluka mu 2014, ili ndi mamegapikiselo 24, ndipo imatha kujambula zithunzi 11 pa sekondi. Koma sindinaigulire zimenezo. Ndinaigulira kupepuka, chifukwa yopanda lenzi siifika ngakhale magalamu 400. Parachuti ikamatseguka thupi limalemera katatu kapena kanayi kwa kanthawi, choncho katundu wa kilogalamu imodzi ndi theka pamutu amasanduka makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi, zonsezo pakhosi, kasanu ndi kawiri patsiku Loweruka likakoma. Ojambula akale amene ankasenza makamera a matepi ambiri amatembenuka thupi lonse ukawaitana. Amayi athu amasenza ndowa ya malita 20, inde, koma ndowa siikugwedeza mwadzidzidzi.

Lenzi yake ndi kakang'ono ka 16mm, koona malo aakulu. Ya zumu ilibe ntchito kumwamba, manja ali pa ntchito youluka, ndani aipotokole? Fokasi ndimaikiratu ndili pansi, pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, n'kumata tepi kuti mphepo isaisunthe. Liwiro lojambulira sindilitsitsa pansi pa 1/500, apo ayi masaya a mlendo akukupizika ndi mphepo amatuluka ngati phala. Batani lojambulira lili m'kamwa. Ndi kaswitchi kokhala kunsonga ya kawaya kochokera kukamera, ena amagula koluma ndi mano, ena kokankha ndi lilime, ena kopuzira mpweya. Ine ndinasankha koluma poti ndiko kanali kotchipa, ndipo ndaluma lilime langa kokwanira. Kutsogolo kwa diso lamanja kuli kagalasi kozungulira kolozera, kamene ndinakalunzanitsa ndi makamera onse awiri, kuti chimene diso laika pakati nawonso achiike pakati. Kagalasika nakonso kamakola zingwe, ndiye timakamanga ndi masikuluwu apulasitiki oti athyoke chinthu chikakoka.

Zina ndinaphunzira polakwitsa. Kumwamba kumazizira pafupifupi madigiri awiri pa mapazi 1,000 aliwonse (kutalika timayeza m'mapazi, si m'mamita, musandifunse chifukwa), ndiye pa mapazi 10,000 batire yofooka imafa msanga. Miyezi ya mvula galasi lozizira likatsikira mumpweya wofunda wachinyezi limachita nkhungu. Ndinajambulapo mtsikana wina tsiku lake lobadwa, vidiyo yonse n'kukhala ngati m'mawa wa mu June ku Dedza. Ndalama ndinabweza. Memori khadi yotchipa ya pamsewu inandisiyiranso vidiyo theka.

Tsopano ndinene chimene chandichititsa kulemba, chimene ngakhale mlongo wanga sachidziwa.

Pali kachipangizo kena kangati bokosi la machesi, kamene amaika m'chipewa pafupi ndi khutu. Kamalira ukafika pa mapazi amene unakatchera. Tonse timavala altimita padzanja, koma wojambula sayang'ana padzanja, maso ake ali pa munthu amene akumujambula, ndipo akatembenuza mutu chithunzi chawonongeka. Ndalama ya kachipangizoka ndinali nayo. Mwezi womwewo mphepo inasasula denga la nyumba ya mayi kumudzi, ndinatumiza ya malata. Yotsala inali yokwana chimodzi, kaya kachipangizo kolira kaya suti ya mapiko, ija ili ndi nsalu kuyambira m'khwapa kufika m'chiuno, yothandiza wojambula kuchepetsa kapena kuwonjezera liwiro kuti akhale maso ndi maso ndi amene akuwajambula. Suti imaoneka, ndipo imabweretsa ntchito. Ndinagula suti. Palibe anandifunsa za m'khutu, nanenso sindinanene.

Ulendo wanga wa 231 ndinkayeseza pojambula mnzanga wina. Tinapangana kuti pa mapazi 5,000 tisiyana, iye athawire kutali, ine nditsegule pa 3,500. Atatembenuka n'kuyamba kuthawa, dzuwa linamuwomba bwino kwambiri moti ndinapitiriza kumutsatira ndi mutu, ndikuluma kaswitchi. Ndikukumbuka kuti ndinkadandaula ngati GoPro ndinaiyatsa. Pa liwiro limenelo mapazi 1,000 amatha m'masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Chimene chinandidzidzimutsa ndi mtundu wa nthaka. Ndinaona mipanda ya minda, ndinaona ng'ombe imodziimodzi. Nditayang'ana padzanja singano inali itadutsa 2,000. Ndinaponya, parachuti inatenga nthawi yake monga mwa masiku onse, ndipo pamene inkatseguka yonse ndinali cha m'ma 1,200.

M'chikwama cha parachuti muli kamakina kotchedwa Cypres, kopangidwa ku Germany, kamene kamatulutsa kokha parachuti yachiwiri ukafika cha pa mapazi 750 ukugwabe mothamanga. Ndikanachedwa masekondi ena awiri kapena atatu, kakanatulutsa yachiwiri pamene yoyamba ikutseguka, ziwirizo n'kumalimbana pamwamba panga. Ndikanachedwa kuposa apo, kamakinako ndiko kakanakhala kotsala kokha. Ndinatera m'munda kutali ndi bwalo, ndinakhala pansi osavula chilichonse, miyendo ikunjenjemera. Ndinaganiza za malata aja, kuti akanakhala omaliza.

Wamkulu woona za chitetezo anandiletsa kudumpha masabata anayi, ndipo anachita bwino. Vidiyo yanga yomwe ndiyo inali mboni, inaonetsa zonse mpaka ng'ombe zija. Ndinabwerera kogwada n'kumapinda maparachuti a anzanga. Mayi uja sanati "ndinakuuza". Anatsegula chikwama chake n'kundipatsa kachipangizo kolira kakale ka Larsen & Brusgaard, n'kunena kuti ndidzalipira ndikadzayamba kulandira. Ndinamaliza kulipira patatha miyezi isanu. Lero ndimavala tiwiri, khutu lililonse kake, ndipo mabatire ake ndimasintha asanathe.

Tsono mphwanga, dzina ukulifuna lija ndalitchula pamwambapa, a6000, ndipo pa zinkhoswe ikugwirira ntchito bwino ndithu. Ugule ndi lenzi ina yoonera patali pang'ono, chifukwa ya 16mm ukayandikira nayo mkwatibwi imamukulitsa mphuno, akuchikazi sadzakulipira.

Chaka chatha nditapita kumudzi ndinawaonetsa mayi chithunzi chimene mnzanga anandijambula ndili pantchito, mapiko otambasula, makamera awiri pamutu, kawaya kali m'kamwa. Tinakhala pakhonde, pansi pa malata aja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anachitembenuza, kenaka anati, "Nanga chingwechi ukutafuniranji, mwanawe? Kumeneko sakukupatsani chakudya?"