Mtima Wolefuka

M'mudzi wina kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, munali mnyamata wachangu pa ntchito ndi pa maphunziro pomwe. Atalemba mayeso a Sitandade 8 anakhoza ndithu, koma dzina lake silinaoneke pakati pa osankhidwa kupita ku sekondale. Anzake awiri ananyamula masutikesi awo, iye natsala pamudzi.

Poyamba onse ankayesa kuti chisoni chake chitha pakapita masiku ochepa. Koma mwezi unatha, wina n'kuyamba. Mnyamatayo ankasowa tulo usiku, ndipo ankadzuka dzuwa litakwera. Nsima ankangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Ngakhale mpira umene ankaukonda anausiya. Bambo ake ankamukalipira kuti wayamba ulesi, koma mawu awo ankangomulemetsa mtima.

Agogo ake aakazi ndiwo anazindikira. Iwo ankadziwa kuti mlesi amakana khasu, koma sakana nsima kapena masewera. Mwanayu anali atakana zonse. Tsiku lina madzulo anamuitanira pakhonde.

"Mdzukulu wanga, tandiuza chimene chikukudya mumtima," anatero agogowo.

"Agogo, palibe pamene pakundipweteka, koma sindikufuna kanthu kalikonse. Ndikudziona ngati wachabechabe."

Agogo anamvetsera osamudula mawu. Atatha kulankhula, anamupempha chinthu chimodzi chokha: kuti m'mawa akawathirire bedi limodzi la tomato kudimba, popeza msana unali kuwavuta. Mnyamatayo anapita monyinyirika. Patapita masiku atatu anathirira mabedi awiri. Kudimbako ankacheza ndi anyamata anzake, ndipo pang'onopang'ono anayambanso kudya ndi kugona bwino. Tomato atapsa anakagulitsa pamsika wa Lizulu, ndipo pobwerako iye mwini anapempha bambo ake kuti akabwereze Sitandade 8.

Kukhumudwa kwa tsiku limodzi kapena awiri kumagwera aliyense. Koma chisoni chikapitirira milungu iwiri, munthu n'kutaya chidwi pa zimene ankakonda, kusowa tulo ndi kukana chakudya, madokotala amati angakhale matenda a maganizo. Wodwala malungo sachira ndi kumukalipira, chimodzimodzinso wodwala wotereyu. Iye amafuna munthu womumvetsera. Komanso sayenera kudikira kuti mtima wofuna ntchito ubwere wokha, pakuti kawirikawiri umabwera munthu atayamba kale kugwira kantchito kakang'ono.

Nzeru ya agogo aja imadziwikanso m'maiko ena. Mu 2006 dokotala wa ku Harare m'dziko la Zimbabwe, Dixon Chibanda, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika maganizo. Anthu ambiri anathandizidwa motero.

Nthawi zina vutoli limakula, kotero kuti kucheza ndi kugwira ntchito sikukwanira. Zikatero, makamaka munthu akayamba kuganiza zodzipweteka, apite naye kuchipatala msanga, kumene kuli uphungu ndi mankhwala. Mwana amene mtima wake walefuka auze makolo, agogo kapena aphunzitsi ake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Kodi agogo anadziwa bwanji kuti mnyamatayo sanali mlesi?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a maganizo.
3. Mungamuthandize bwanji mnzanu amene wataya mtima?