Zithunzi za Eni pa Kompyuta Yakale

Ndimatsuka zithunzi, komanso ndimakonza makompyuta a anzanga a ntchito zonga yangayi: a masitudiyo, opanga makadi a ukwati, osindikiza ndondomeko za mwambo wa maliro ndi ojambula zithunzi za paziphaso. Ambirife makompyuta athu ndi a kaunjika, anayamba atumikira m'maofesi a kunja asanafike m'manja mwathu. Ochuluka ali ndi Windows 7, ena akadali pa Windows XP. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira XP mu Epulo 2014, ndipo Windows 7 inaisiya mu Januwale 2020, koma makinawa akadali ndi mphamvu ndipo akudyetsa mabanja. Chimene chikuwavuta kwambiri masiku ano ndi zithunzi, chifukwa mafoni akusintha chaka ndi chaka pomwe kompyuta ili momwe inabwerera.

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Amisiri, zithunzi zafa." Ndikamva choncho sindithamangira kumasula makina. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi fayilo yeniyeniyo, chithunzi cha mwini wake. Chachiwiri ndi pulogalamu imene imaitsegula kuti ioneke pa sikirini. Chachitatu ndi tizithunzi ting'onoting'ono tondandalikidwa mu foda, tija timathandiza kuti usankhe msanga popanda kutsegula chimodzichimodzi. Pulogalamu ikavuta umaika ina. Tizithunzi tikasokonekera umatifufuta, kompyuta n'kupanga tatsopano. Koma fayilo ikawonongeka, mwina mwini wake alibenso kwina kokaitenga. Luso langa lonse lagona pa kuzindikira chimene chavuta pa zitatuzi, ndi kusakhudza choyambacho pamene ndikukonza ziwiri zinazo.

Kupanga tizithunzi ndi ntchito yolemetsa, n'chifukwa chake Windows imatisunga kuti isamabwereze. XP imasiya fayilo yobisika yotchedwa Thumbs.db mu foda iliyonse imene mwaionapo mwa tizithunzi. Kuyambira pa Windows Vista, tonse timasungidwa pamalo amodzi, m'mafayilo oyamba ndi dzina lakuti thumbcache. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba, mafayilo amenewa amasokonekera. Ndiye mumaona timabokosi takuda, kapena kachithunzi ka ukwati wa banja lina katakhala pa fayilo ya chinkhoswe cha anthu ena. Mankhwala ake ndi apafupi. Pa XP ndimauza kompyuta kuti ionetse mafayilo obisika ndi otetezedwa, n'kufufuta Thumbs.db. Pa Windows 7 ndimatsegula Disk Cleanup n'kuchonga pa Thumbnails pokha. Foda ikatsegulidwanso imachedwa pang'ono chifukwa ikupanga tatsopano, kenako zonse zimabwerera m'chimake.

Nthawi zina tizithunzi sitioneka n'komwe, pamangondandalika zizindikiro zofanana. Kawirikawiri amakhala kuti wina, pofuna kuti makina afulumire, anasankha "Adjust for best performance", ndipo zimenezi zimazimitsa tizithunzi pamodzi ndi zokongoletsa zina. Kapena mu Folder Options anachonga pa "Always show icons, never thumbnails". Pa XP vuto limatha kukhala kafayilo ka shimgvw.dll, kamene kamayendetsa Windows Picture and Fax Viewer ndi tizithunzi tomwe. Ndimapita pa Run, n'kulemba regsvr32 shimgvw.dll, ndipo kamadzukanso. XP yomweyo ili ndi nthenda ina: vidiyo imodzi ya AVI yoduka pakati imatha kuumitsa foda yonse, chifukwa kompyuta imalimbana nayo kuti itulutse kachithunzi. Ndikalemba regsvr32 /u shmedia.dll, mavidiyo amasiya kuonetsa tizithunzi, koma foda imatseguka mosavuta.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi kulemera kwa zithunzi za masiku ano. Munthu amadabwa kuti fayilo ya 4 MB yokha ingaumitse bwanji kompyuta. JPEG ili ngati chitenje chopindidwa bwino: m'chikwama chimatenga malo ochepa, koma kuti uone maluwa ake uyenera kuchitambasula chonse. Chithunzi cha 12 megapixel chimakhala cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo kadontho kalikonse kamafuna ma byte atatu. Chikatambasulidwa chimadya pafupifupi 36 MB ya RAM. Cha 48 megapixel chimadya 144 MB. Tsono taganizani kompyuta ya RAM ya 512 MB kapena 1 GB itapatsidwa khadi la kamera lodzaza zithunzi za ukwati wonse, n'kuuzidwa kuti ipange tizithunzi ta zonsezo. Hadi disiki imangolira, mbewa siyenda, ndipo mwini amaganiza kuti makina atha.

Ine ndili ndi dongosolo lake. Khadi likabwera, foda ndimaitsegula mwa Details kuti ingoonetsa maina. Kenako ndimakopera zithunzi pa hadi disiki, n'kuchotsa khadilo bwinobwino n'kulibweza kwa mwini. Sindikonzera chilichonse pakhadi la munthu. Zikachuluka ndimazigawa m'mafoda angapo, za kutchalitchi pazokha, za kuholo pazokha.

Poonera ndimadalira IrfanView, pulogalamu imene Irfan Skiljan, wochokera ku Jajce m'dziko la Bosnia, anaitulutsa mu 1996. Ndi yopepuka kwambiri, ndipo pa makina a XP imatseguka usanachotse chala pa mbewa. Ukadina T imakupatsa tizithunzi take, osadalira ta Windows. Ukadina B imachepetsa kapena kusintha zithunzi zambiri nthawi imodzi, n'kuziika mu foda ina, zoyambazo osazikhudza. Ukadina I imakuuza kukula kwenikweni kwa chithunzi. XnView ya Pierre-Emmanuel Gougelet wa ku France nayonso ndi yabwino, makamaka kwa wofuna kuona mafoda pambali. Onse awiriwa amapereka mapulogalamu awo ulere kwa wogwiritsa ntchito kunyumba, koma wochitira bizinesi amayenera kugula laisensi, ndipo anzanga ndimawauza zimenezi mosabisa, pakuti eni akewo nawonso ndi amisiri. Picasa inkakondedwa ndi ambiri, koma Google inaisiya mu 2016, ndipo khalidwe lake lofufuza zithunzi mu disiki yonse limalemetsa makina ofooka.

Mafoni atsopano amabweretsanso mitundu ya mafayilo imene kompyuta yakale siidziwa. Kuyambira mu 2017, iPhone imasunga zithunzi mwa HEIC, ndipo Windows 7 siitsegula yokha. Mwini foni ndimamupempha kuti pa Camera, mu Formats, asankhe Most Compatible kuti za m'tsogolo zizikhala JPEG. Zithunzi zotengedwa pa intaneti zimabwera mwa WebP, mtundu umene Google inaubweretsa mu 2010, ndipo IrfanView yoikidwa pamodzi ndi ma plugin ake imazitsegula. Palinso uthenga wosocheretsa umene Windows Photo Viewer imapereka, wakuti memore yachepa, chonsecho RAM ilipo yokwanira. Nthawi zambiri gwero lake ndi kachidutswa kofotokoza mitundu kamene mafoni ena a Android amaika mkati mwa fayilo. Chithunzi chomwecho mu IrfanView chimatseguka popanda vuto. Zithunzi zogona cham'mbali nazo sizinawonongeke. Foni imangolemba chizindikiro chosonyeza mbali yakumwamba, koma Windows 7 ndi XP siziwerenga chizindikirocho. Sindizitembenuza ndi pulogalamu ya Windows, chifukwa imalemba pamwamba pa fayilo ya mwini osafunsa kawiri.

Phunziro limene ndimalimbikira kwambiri ndi lakuti kachithunzi sikapereka umboni woti chithunzi chili bwino. Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire ndi mdzukulu wawo, atanyamula fulashi.

"Mwananga, bambo ako awa anatisiya. Ndikufuna chachikulu choti ndipachike pabalaza," anatero akuloza pa sikirini.

Pakachithunzi malemuwo ankaoneka athunthu, atavala jekete, manja ali pamawondo. Nditatsegula chithunzi chenicheni, mutu unatuluka bwino, koma kuyambira pachibwano kutsika m'munsi kunali kotuwa kokhakokha. Kamera imabisa kachithunzi kake mkati mwa fayilo, kawirikawiri ka timadontho 160 kwa 120, ndipo kamakhala kumayambiriro. Mapulogalamu ambiri amaonetsa kameneko pofuna kufulumira. Fayilo ikaduka pakati, kachithunzi kamapulumuka pomwe chachikulucho chatha.

"Amayi, chithunzichi chinachokera kuti chisanafike mu fulashimu?" ndinafunsa.

Mdzukulu uja anati anakopera kuchokera pakhadi la kamera ya amalume ake, ndipo atatha anafufuta zapakhadipo. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, thamanga ukawauze amalume asajambulenso chilichonse ndi khadi limenelo. Ubwere nalo momwe liliri." Kufufuta sikuchotsa chithunzi nthawi yomweyo, kumangouza khadi kuti malowo angalembedwenso. Khadi litafika ndinalifufuza ndi PhotoRec, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier, ndipo zonse zopezeka ndinkazisunga pa hadi disiki, osati pakhadi lomwelo. Malemuwo anapezeka athunthu, ndipo mayi aja anapita ndi chithunzi chawo m'felemu.

N'chifukwa chake sindilandira ndalama ya munthu ndisanatsegule chithunzi chonse n'kudina I. Kuti chithunzi cha mainchesi 4 kwa 6 chituluke chakuthwa pa 300 dpi, chimafuna timadontho 1200 kwa 1800. WhatsApp imachepetsa zithunzi zotumizidwa mwa nthawi zonse, ndiye wofuna chachikulu ndimamuuza kuti apemphe womutumizirayo achitumize ngati dokyumenti.

Mawu amene ndimaopa kwambiri pa ntchitoyi ndi funso la kompyuta lofuna kufomata khadi. Makhadi oposa 32 GB amabwera ndi dongosolo la exFAT, ndipo XP imene sinaikidwe chowonjezera chake silizindikira. Imanena kuti khadi silinafomatidwe, chonsecho zithunzi zili momwemo zonse. Ukavomera, wafafaniza ukwati wa eni. Chimodzimodzi vairasi ya ma shortcut yofala m'mafulashi: imangobisa mafoda, siiwafufuta. Ndikaichotsa, ndimalemba attrib -h -r -s /s /d pa fulashiyo, ndipo mafoda amaonekeranso. Makina anga otsukira zithunzi sindiwalumikiza ku intaneti, ndipo Autorun ndinaizimitsa.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandifunsa chifukwa chake timafufuta tizithunzi ngakhale pamene sitinavute. Ndinamuonetsa kuti Thumbs.db imasungabe kachithunzi ngakhale chithunzi chenicheni chitafufutidwa, ndipo wodziwa akhoza kukatulutsa. Fayilo imeneyi imathanso kukwera fulashi ya kasitomala wina pamodzi ndi foda. Anthu amatibweretsera makhadi muli zonse: ziphaso, ana awo, odwala ali m'chipatala, ndi zina za m'nyumba zosayenera maso a mlendo. Iwo amafuna chithunzi chimodzi kapena ziwiri, koma amatipatsa khadi lonse chifukwa amatikhulupirira. Choncho timatsegula zimene mwini watiloza basi. Loweruka lililonse tisanatseke timafufuta mafoda a makasitomala amene atenga zawo, timakhuthula Recycle Bin, n'kuyeretsanso tizithunzi. Kompyuta ikamagulitsidwa kapena kupita kwa mmisiri wina, hadi disiki timayamba taipukuta yonse. Ndinamuuza mnyamatayo kuti akadzatsegula malo ake, makina adzagula amene thumba lake lingakwanitse, koma lamulo ili la kusunga chinsinsi cha eni asadzalichotsepo ngakhale tsiku limodzi.