Botolo Limene Ndinapita Nalo ku Meadowlands

Abale anga a ku migodi, lero sindinena za mtengo wa golide kapena za ndalama zotumiza kwathu. Ndifuna kukusimbirani za botolo limodzi la vinyo wofiira, ndi ulendo umene ndinayenda nalo tsiku lina la Sabata m'mwezi wa Juni muno mu Johannesburg.

Ine ntchito yanga ndi ya uweitala pa hotela ina ya m'tauni. Nditakwanitsa zaka khumi pa ntchitoyo, bwana wanga anandipatsa botolo la vinyo wa mphesa zotchedwa Cabernet Sauvignon, wochokera ku Stellenbosch, wa chaka cha 2009. Poyamba ndinaganiza zoligulitsa, pakuti mtengo wake ukanagula matumba angapo a chimanga. Koma ndinakumbuka malume anga amene amakhala ku Meadowlands, mtchona weniweni, ndipo maganizo ogulitsa anandichokera.

Malumewo anadza ku Joni ndi Wenela mu 1959: pa ndege kufika ku Francistown, pa sitima kufika kuno, nalembedwa pa depoti ija anthu ankaitcha Mzilikazi. Atagwira pansi pa mgodi nthawi yochepa anatuluka m'komponi, napeza ntchito ya uweitala monga anachitira anthu ambiri a ku Nyasaland masiku amenewo. Inali nthawi ya mahotela otchuka onga Carlton wakale wa mu Eloff Street, amene anatsegulidwa mu 1906 natsekedwa mu 1963. Tsono lamulo la mowa la 1928 linkaletsa munthu wakuda kugula kapena kumwa mowa wa Azungu. Chotero malume ankanyamula vinyo, kumutsegula, kumuthira m'matambula a alendo, koma kuika pakamwa ayi. Ukapezeka nalo botolo unali mlandu wa kundende. Wathu unali mowa wa masese wa m'maholo a kanselo, amene anayamba muno mu 1938, kapena skokiaan wa m'mashebini. Lamulolo linasintha mu Ogasiti 1962, koma malume akuti pofika pamenepo mtima unali utauma kale. Anathira vinyo zaka makumi atatu osalawako wabwino ndi kamodzi komwe.

Botolo ndinali nditalisunga chogoneka pansi pa bedi, kumdima, kutali ndi mbaula. Limagonekedwa kuti chitsekero chake, chimene chili khungwa la mtengo, chizikhala chonyowa. Chikauma mpweya umalowa ndipo vinyo amasanduka viniga. Mdani wina ndiye kutentha. Chipinda cha malata m'mwezi wa Disembala chingathe kupha vinyo amene anasungidwa bwino zaka khumi ndi zisanu. Nchifukwa chake ndinasankha nyengo yachisanu.

Ndinalipereka kwa azakhali Lachisanu kuti aliimike chilili pa kabati masiku awiri, osaligwedeza. Vinyo wakale ali ndi masese ake monga mowa wa kwathu, koma akewo samwedwa. Ayenera kutsikira pansi. Azakhali anaseka, nati sanaonepo botolo lofuna kupumula ngati mlendo.

Tsiku la Sabata ndinakwera tekisi pa renki ya Bree. Potuluka m'tauni kulowera ku Soweto munthu umaona mapiri achikasu a mchenga wa m'migodi, amene anayamba kuunjikidwa golide atapezeka ku Langlaagte mu 1886. Ena a inu mumawadziwa bwino kuposa ine. Mphesa za vinyo wotere sizilimidwa pa dothi limeneli. Zimachokera ku Kapa, mtunda wa makilomita ngati 1,400, kumene vinyo woyamba anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659 m'masiku a Jan van Riebeeck. Ndipo ndinene poyera kuti minda imeneyo inalimidwa ndi akapolo, ndipo pambuyo pake antchito ake ankalipidwa mbali ina ya malipiro ndi vinyo woipa wa m'chitini, mwambo umene ankautcha dop. Pamene ndinyamula botolo lokongola sindiiwala zimenezo.

Ndinapeza malume atavala jekete ndi tayi, atakhala pakhonde padzuwa. Azakhali anali ataphika nyama ya ng'ombe ya mafupa pa moto wochepa kuyambira m'mawa, ndi bowa, ndi nsima ya ufa wa kuno imene amati papa. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti asathiremo tsabola. Apa tinakanganako pang'ono, pakuti malume ndi munthu wa kambuzi. Koma tsabola amatentha lilime, ndipo lilime lotentha silimva kanthu. Nsomba nazonso ndinakana. Usipa ndimaukonda ndithu, koma ukakumana ndi vinyo wofiira m'kamwa mumamveka ngati wanyambita supuni yadzimbiri.

Tsono inafika nthawi yotsegula. Ine amene ndimatsegula mabotolo makumi awiri usiku umodzi, manja ananjenjemera. Ndinalowetsa chotsegulira pang'onopang'ono, ndipo pokoka chitsekero chinaduka pakati. Theka linatuluka, theka linatsalira m'khosi la botolo.

“Mphwanga, bwera nacho kuno,” anatero malume.

Analowetsa chotsegulira chopendeka, chotsamira ku galasi, nakoka ngati munthu wozula minga kuphazi la mwana. Chinatuluka chonse, kupatula tizinyenyeswa tiwiri. Sanandinyoze. Anangoti ntchitoyi anaiphunzira ine ndisanaganiziridwe nkomwe.

Tinalibe jagi ya galasi yonga ya kuhotela, ndiye tinatsuka jagi ya madzi ndi madzi otentha opanda sopo. Ndinayatsa kandulo, ndi kuthira vinyo m'jagimo mosadukiza, khosi la botolo lili pamwamba pa kuwalako. Masese akuda atayamba kuoneka pakhosi ndinaleka. Vinyo wamng'ono, wa zaka ziwiri kapena zitatu, mukhoza kumusiya m'jagi ora lathunthu kuti afewe. Wokalamba safuna zimenezo: akakhalitsa pa mpweya fungo lake limathawa. Ndipo asakhale wozizira ngati wa m'firiji kapena wofunda ngati tiyi wotsala. Madigiri 16 mpaka 18 ndiwo abwino, ndiko kuti kuzizira kwa madzi a mumtsuko m'mamawa.

Ndinathira pang'ono pokha, gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula, kuti mphuno ipeze malo. Ambiri amaseka akaona Mzungu akuzunguza tambula ndi kulowetsamo mphuno, ndipo nanenso ndinkaseka kale. Koma theka la ndalama zimene munthu walipira lili m'fungomo. Womwa vinyo wotere mogugudiza, ngati wothetsa ludzu potuluka m'shafuti, wataya ndalama zake. Akanagula mowa wamba, zotsalazo natumiza kwa ana.

Tinayamba ndi maso. Pa nsalu yoyera ya azakhali vinyoyo pakati anali wakuda, koma m'mphepete anali wofiirira ngati njerwa yootcha. Ndicho chizindikiro cha ukalamba. Wamng'ono amakhala wofiira ngati madzi a mabulosi. Pamene malume anakweza tambula kumphuno ndinagwira mpweya, pakuti botolo lakale silidziwika mpaka litatsegulidwa. Likanunkha ngati katoni yonyowa kapena viniga, ndiye kuti lafa, ndipo ulendo wanga wonse ukanakhala wachabe.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, “Muli chigafa umu.”

Ndinanunkhiza nanenso, ndipo zinali zoona. Munali fungo la fodya wouma m'chigafa, ndi la dothi mvula yoyamba itagwa, ndi la chikopa chakale, ndipo kumbuyo kwake kafungo ka zipatso zouma. Kuhotela alendo amatchula mitengo ndi zipatso za ku Ulaya zimene ine sindinazionepo. Malume anatchula chigafa cha atate awo ku Dowa, chimene anachiona komaliza ali mnyamata.

Vinyo wofiira wamng'ono amamanga m'kamwa monga nthochi yaiwisi kapena tiyi wowira kwambiri wopanda mkaka. Kumangako kumachokera m'makungu ndi m'njere za mphesa, ndipo ndiko kumasunga vinyo zaka zambiri. M'kupita kwa nthawi kumafewa, kwina kumatsikira pansi ngati masese aja. Wathuyu anali atafewa, kumanga kunangotsala pang'ono kumapeto kwa lilime. Titadya nthuli ya nyama yonona ndi kumweranso, ndi kumangako komwe kunachoka, pakuti mafuta a nyama amakufewetsa, ndipo vinyo naye amatsuka mafuta m'kamwa. Bowa anagwirizana naye koposa nyama, mwa kuona kwanga. Nsima sinawonjezere kanthu ndipo sinachotse kanthu, ndiwo ubwino wake. Azakhali analawa kamodzi, nakwinya nkhope, nati akadakonda muli shuga. Anabwerera ku tiyi wawo.

Tambula yachiwiri malume sanamwe. Anaimirira ndi ndodo yawo, natsika pakhonde, napita nayo pansi pa mtengo wa pichesi umene uli kuseri kwa nyumba. Ndinadziwa chimene afuna kuchita, ndipo mtima wa uweitala unawerengera msanga mtengo wa tambulayo, koma ndinatseka pakamwa. Anathira pansi pang'onopang'ono, akutchula maina: anzawo a m'komponi amene chifuwa cha fumbi chinawatenga, anzawo a kuhotela amene anafa asanalawe chimene ankathira, ndi ena amene anapsa m'ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 ali pa ulendo wobwerera kwathu. Mainawo anali ambiri, vinyo anatha iwo asanathe.

Pobwera anandifunsa ngati zigafa zikadalipo ku Dowa, ndi mtengo wa basi yochoka ku Park Station kupita ku Lilongwe masiku ano. Ndinawauza. Sanayankhe, koma anatola zidutswa ziwiri za chitsekero zija naziika m'thumba la jekete.

Zotsala m'jagi tinagawana dzuwa likulowa. Fungo la chigafa linali litayamba kale kuchepa, ndipo ndinathamangira tekisi mdima usanagwe.