Kwa Misozi: za dzanzi la kuphazi ndi nsapato zatsopano

George, Lusaka

Mwana wanga Misozi,

Loweruka ku Intercity kudzakhala phokoso la mabasi ndi anthu okutsanzika, ndipo mawu onenedwa pamalo otero sakhalitsa m'mutu. N'chifukwa chake ndalemba, kuti ukawerenge uli phee ku Kitwe. Za sukulu, za kutchalitchi ndi za anzako oyenda nawo amai ako akuuza kale, ndipo ine ndavomereza zonse. Gawo langa ndi mapazi. Nsapato za anthu a ku Matero, Lilanda ndi George muno zakhala zikudutsa m'manja mwangamu kuyambira usanabadwe, ndipo ndi ntchito imeneyi imene yakulera.

Ndamva kuti nsapato zothamangira zatsopano zija zikukuchititsa dzanzi, kuti ukathamanga ndithu zala zimafa, osazimvanso mpaka utavula. Ndamvanso kuti unapempha amai ako asandiuze, poti ukudziwa kuti ndalama zake zinali za chilimba chawo. Usawakwiyire, achita bwino kundiuza. Kundimvera chisoni kwako ndakuona, ndipo kwandikhudza. Koma ndalama za chilimba zimabweranso mwezi ukakwana, pamene mtsempha wa kuphazi ukawonongeka umatenga miyezi kuti uchire, ndipo wina suchira n'komwe. Tinagula nsapatozo kuti uzithamanga bwino. Ngati zikukupweteka, ndiye kuti ntchito imene tinazigulira zalephera, kaya zikhale zokongola bwanji.

Uyambe wadziwa chimene chikuchitika m'katimo. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo pakati pa mafupawo ndi pamwamba pake pamadutsa mitsempha yopyapyala imene imauza ubongo zimene phazi likumva. Ina imadutsa pamsana pa phazi, pansi pa khungu penipeni, pamene zingwe za nsapato zimapingasana. Ina imayenda pakati pa mafupa ataliatali opita ku zala. Munthu akamathamanga magazi amachuluka kumapazi, phazi limatupa pang'ono, ndipo likamaponda pansi limatambasuka. Nsapato imene inakukwana bwino m'mawa uli chikhalire pa benchi ya m'sitolo imasanduka yothina ukathamanga makilomita angapo. Yatsopano imavuta kwambiri chifukwa nsalu yake ikadali yolimba, sinazolowere phazi lako. Mtsempha ukapanikizika umayamba wanyerenyetsa, kenako nkukhala chete. Dzanzi ndi limenelo.

Malo amene dzanzi lagwira amaulula chimene chalakwika, choncho uziliyang'anira bwino. Likakhala pamsana pa phazi, kapena pakati pa chala chachikulu ndi chotsatira chake, kawirikawiri mlandu ndi wa zingwe, wamanga kwambiri. Likakhala kutsogolo kwa phazi kunsi, makamaka pa chala chachitatu ndi chachinayi, nkumamva ngati waponda kamwala kapena sokosi yapindika, ndiye kuti mphuno ya nsapato ndi yopapatiza ndipo ikufinya mafupa pamodzi. Limeneli ndi limene ndimaliopa. Ukalilekerera, mtsempha wa pamenepo umatupa nkunenepa, madokotala amautcha Morton's neuroma, ndipo munthu amafika pomva kuwawa ngakhale atavala patapata. Likagwira nsonga za zala, zikhadabo nkumada, nsapatoyo ndi yaifupi. Likakhala pakati pa phazi kunsi, yang'ana kasoli kam'kati, mwina kakutukumuka pamalo pamene phazi lako ndi lathyathyathya.

Likayamba uli pa msewu, ima. Masula zingwe, vula, gwedeza zala, sisita phazi. Kumva kukabwerera pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri vuto ndi nsapato, ndipo limenelo tingalikonze. Usapitirize kuthamanga poganiza kuti lidzatha lokha. Phazi lochita dzanzi silimva nthaka. Silidziwa kuti laponda mwala wopendekeka, ndipo akakolo amabinyika mosavuta. Silimvanso thuza likamatuluka, umangoona sokosi ili magazi madzulo.

Za zingwe. Atsikana ndi anyamata ambiri amene ndimawaona akuthamangira ku bwalo la OYDC m'mamawa amakoka zingwe mwamphamvu kuyambira pansi mpaka pamwamba, poopa kuti nsapato ingavuke. Nsapato imagwira pa chidendene ndi pa akakolo, sikuti imagwira pa zala. Kumunsi uzisiya motakasuka, kuti chala cha dzanja chithe kulowa pansi pa zingwe. Pamene pakupweteka udumphe bowo limodzi kapena awiri, chingwe chikwere cham'mbali osapingasa, kenako upitirize monga mwa nthawi zonse. Kumtunda kwenikweni kuli kabowo kowonjezera kamene ambiri sadziwa ntchito yake. Lowetsa chingwe mmenemo mbali yomweyo kuti pakhale kakhutu, chingwe cha mbali inayo chidutse m'kakhutuko, kenako ukoke ndi kumanga. Chidendene chimakhazikika, ndipo sipakhalanso chifukwa chothinitsa kutsogolo. Uonenso kuti lilime la nsapato lagona bwino, silinapindike kapena kutsetserekera mbali imodzi. Masokosi okhuthala amadya malo. Nthawi zina kungosintha sokosi basi dzanzi limatha.

Zikakanika zimenezi, uyese nsapatoyo motere. Tulutsa kasoli kam'kati, kaike pansi, uimepo utavala sokosi yothamangira, madzulo pamene phazi latupa. Pakati pa chala chako chachitali ndi nsonga ya kasoliko payenera kutsala malo okwana chala chachikulu cha dzanja mopingasa. Iwe chala chako chachitali ndi chachiwiri, monga amai ako, ndiye uyezere chimenecho. M'mbali phazi lisasefukire kunja kwa kasoli. Likasefukira, nsapatoyo si yako, ndipo palibe mamangidwe a zingwe amene angaisinthe.

Ogulitsa adzakuuza kuti zidzatanuka. Mawu amenewa ndawamva kwa anthu osawerengeka obwera ndi nsapato zothina pa benchi langa. Chikopa chenicheni chimatanuka pang'ono m'lifupi, ndipo ine ndimatha kuchithandiza ndi chitsulo chotanulira. Koma nsapato zothamangira n'za nsalu ya pulasitiki yomatidwa ndi guluu, zimatanuka pang'ono kwambiri, ndipo m'litali palibe nsapato imene imakula. Wosoka nsapato akakulonjeza kuti aitalikitsa, angokudyera ndalama.

Tsiku lina udzagula wekha, mwina pa salaula, poti ndi pamene ambiri a ife timapezera nsapato zabwino pa mtengo wotheka. Ku Soweto ndi ku City Market ukudziwako kale, ndipo ku Kitwe msika wa Chisokone ndi waukulu. Usakhulupirire nambala yolembedwa pa lilime. Salaula imachokera kumayiko osiyanasiyana, ndipo phazi limene ku Britain amalitcha 6, ku Ulaya kwina ndi pafupifupi 39, ku America ndi 7 pa nsapato za amuna kapena 8 pa za akazi. Ngakhale nambala ikhale imodzi, makampani amaumba mosiyana, ena motakata ena mopapatiza. Upite madzulo, unyamule sokosi yako, uyese mapazi onse awiri chifukwa salingana, ndipo ugulire phazi lalikulu. Tembenuza nsapato uone kunsi. Ngati yadyeka mbali imodzi, mwini wake woyamba anali ndi kapondedwe kake, ndipo idzakukakamiza kuponda monga iye. Dina soli ndi chala, ngati yauma gwa kapena ili ndi makwinya ozama, mphamvu yake inatha ngakhale pamwamba pakuwala. Nsapato yothamangira imatopa ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800, ndipo wogulitsa sangadziwe kuti iyo yayenda angati. Wogulitsa akakukaniza kuyenda nayo pang'ono kuti uimve, pita kwa wina. Usachite manyazi kufunsa mafunso ambiri, safunsa anadya phula.

Ngakhale nsapato yokukwana bwino imafuna kuizolowera pang'onopang'ono. Masiku oyamba uzingoyenda nayo popita ku kalasi. Kenako uthamange nayo mtunda waufupi, tsiku lotsatira ubwerere ku zakale, uzisinthasintha choncho kwa masabata awiri kapena atatu. Pa mpikisano usavale nsapato imene sunathamangepo nayo, ngakhale akupatse kwaulere m'mawa womwewo. Mu 1960 ku Rome, Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapeza nsapato zatsopano mpikisano wa Olympics utayandikira. Sizinamukwane, zinamutulutsa matuza. Anazisiya nathamanga makilomita 42 opanda nsapato, napambana golide. Mu 1964 ku Tokyo anapambananso, ulendo uno atavala nsapato zomukwana. Sindikuti uzithamanga wopanda nsapato pa magalasi osweka a m'misewu yathu. Ndikuti munthu uja anamvera phazi lake pa tsiku lalikulu koposa m'moyo wake, pamene wina akanachita manyazi pamaso pa dziko lonse.

Masipaiki, nsapato za minga kunsi zija, ndi nkhani ina. Amawapanga othina dala kuti agwire phazi pa liwiro, ndiye uziwavala pokhapokha ukalowa pabwalo, ndipo ukangomaliza uvule. Usamayende nawo kapena kuimirira nawo podikira. Ndipo poti ku Copperbelt mvula imagwa yambiri kuposa kuno, nsapato zikanyowa usaziumike pa mbaula. Moto umasungunula guluu ndi kukwinyitsa nsalu, nsapato imene inali yokukwana nkukhala yaing'ono. Tulutsa kasoli, fwatikamo manyuzipepala, uike pamthunzi podutsa mphepo.

Tsopano mvetsera bwino, chifukwa si dzanzi lonse limene limachokera ku nsapato. Ngati wavula, wapuma, koma tsiku lonse kumva sikunabwerere, pita kuchipatala. Ngati limabwera ngakhale utavala zakale kapena uli wopanda nsapato, ngati lagwira mapazi onse awiri, ngati usiku mapazi amatentha ngati moto, pita kuchipatala. Matenda a shuga amayamba choncho kwa anthu ena, ndipo ali m'banja mwathu. Ukukumbukira agogo ako aamuna ku Katete, mmene anapondera khala lamoto osamva kanthu, bala lake nkutenga nthawi yaitali lisanapole. Ndiwe wamng'ono, inde, koma kuyezetsa shuga ndi kubaya chala kamodzi kokha. Kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsanso dzanzi, ndipo kumagwira anthu amene sadya nyama, mazira, mkaka kapena nsomba. Ndikudziwa kuti atsikana othamanga amauzana zochepetsa kudya kuti apepuke. Usalowe nawo zimenezo, kapenta ndi mazira zisamasowe m'mbale mwako. Mowa wambiri umapha mitsempha ya kumapazi, waona wekha abambo ena a m'komboni muno mmene amayendera. Mankhwala ena nawonso amatero, monga isoniazid wa chifuwa chachikulu, n'chifukwa chake kuchipatala amaperekera limodzi ndi vitamini B6. Ukadzapatsidwa mankhwala alionse dzanzi nkuyamba, ubwerere ukawauze, usasiye kumwa pawekha.

Pali zinanso ziwiri. Dzanzi lotsika kuchokera m'chiuno kapena kuthako, kudutsa kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi, gwero lake ndi msana. Ndipo ngati pothamanga mwendo wa kumunsi kwa bondo umalimba gwa ndi kuwawa, phazi nkuchita dzanzi kapena kumakwakwaza pansi, koma ukapuma zonse nkutha, ndiye kuti minofu ikutupa nkupanikiza mitsempha m'katimo. Zimenezi ndi za dokotala. Ku Kitwe Teaching Hospital kuli anthu a mafupa ndi ophunzitsa kulimbitsa ziwalo, koma uyambire ku kiliniki ya pafupi kuti akulembere kalata. Asakukhutiritse ndi mankhwala opaka ogula pamsewu.

Mphunzitsi wako watsopano umuuze tsiku loyamba. Ndikudziwa mantha ako, kuti adzati mwana wa ku George ndi wodandaula, malo nkupatsa wina. Ife a m'komboni timalera ana opirira. Munakula mukudumpha madzi a mvula ndi kusewera mpira pa miyala, ndipo kupirira kumeneko ndi kumene kwakufikitsa apa. Koma kupirira kutopa ndi kupirira dzanzi n'zosiyana, kutopa kumalimbitsa thupi pamene dzanzi limaliwononga. Samuel Matete anatenga golide wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 ndi siliva wa Olympics ku Atlanta mu 1996. Kuchokera pamenepo Zambia inadikira zaka 28 kuti Muzala Samukonga abweretse mendulo ina ya Olympics ku Paris mu 2024. Sindikhulupirira kuti m'zaka zonsezo dziko lino linalibe ana aliwiro. Ndawaona ambiri akudutsa pa Commonwealth Road m'bandakucha, ndipo ena a iwo anasiya chifukwa cha tizilonda tating'ono timene anabisa mpaka titakula. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mwana wonena msanga. Akakunyoza chifukwa chonena, undidziwitse.

Nsapato zako zakale ndazimata ndi kuzisoka m'mbali, zili pansi pa chikwama, zokulunga m'pepala. Zikhoza kukutumikira miyezi ingapo. Zatsopanozo uziyese monga ndalembera, sabata yoyamba yomweyo. Zikalephera, usazisunge pansi pa bedi chifukwa cha chisoni. Uzitumize ndi basi, mng'ono wako phazi lake ndi lopyapyala ndipo zidzamukwana, ndipo ine ndi amai ako tidzaona chochita kuti upeze zina mwezi ukatha.

Lamlungu likubweralo madzulo undiimbire foni, undiuze malo enieni pamene dzanzilo limagwira, phazi liti, zala ziti, ndiponso limatenga nthawi yaitali bwanji kuti lithe ukavula. Ukawapatse moni azakhali ako ku Chimwemwe, ndipo ukapite kukawaona usanayambe makalasi. Mulungu akusunge pa ulendo.

Ndine atate ako.