Avereji ya nambala ya bwato

Anzanga owerengera za nsomba ku Monkey Bay, ku Makanjira ndi ku Malombe, tamvani kaye. Mukalemba select_dtypes(include="number") mu pandas, kapena where(is.numeric) mu R, kompyuta imangotola makolamu onse a manambala, tanthauzo siliikhudza. Makilogalamu a usipa ndi mtengo wa chambo zimalowa bwinobwino. Koma nambala ya bwato nayo imalowa, tebulo n'kukupatsani avereji yake! Ndiye kolamu imene wina analembamo "12kg" imasanduka mawu, n'kutsala kunja osadziwika.

Musanapange tebulo, onani kaye mtundu wa kolamu iliyonse. Dzina la doko ndi mtundu wa ukonde, monga chilimira ndi matchera, werengani kuti zapezeka kangati. Avereji isiyireni makilogalamu ndi mitengo.