Anamuchotsa mu 2013, koma malipiro akulowabe

Chaka chatha ndinapeza kaganyu kolembera kampani ina yakunja nkhani zamasewera. Tsiku lina anandipatsa mutu wa ice hockey, masewera omwe ku Canada amawakonda ngati mmene ife timakondera mpira wamiyendo. Ine madzi oundana ndimangowadziwa a mufiriji, ndiye ndinachezera usiku kuwerenga za ligi ya NHL. Zigoli sizinandikope kwenikweni. Chinandigwira mtima ndi mmene matimu amasiyanirana ndi osewera awo.

Mu NHL muli salary cap, malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi pa sizoni. Lamuloli linayamba mu 2005, mkangano wa eni matimu ndi osewera utaphetsa sizoni yonse ya 2004-05. Malire oyamba anali $39 miliyoni, ndipo pofika 2024-25 anali $88 miliyoni.

Nanga timu ikasainitsa munthu zaka zambiri, iye n'kufooka, imatani? Singangomuuza kuti mawa usabwere. Imachita buyout, kutanthauza kugula kontrakiti yake. Wosewera wa zaka 26 kapena kuposerapo amalandira magawo awiri mwa atatu a malipiro otsala, wocheperapo amalandira gawo limodzi. Ndalamazo amazigawa pa zaka zowirikiza kawiri zomwe zinatsala, ndipo zimadyabe malo pa salary cap ya timuyo.

Minnesota Wild inalawa zimenezi. Mu 2012 inapatsa Zach Parise ndi Ryan Suter makontrakiti a zaka 13, aliyense $98 miliyoni. Mu 2021 inawagula onse awiri kutatsala zaka 4, ndipo m'masizoni ena ndalama zoposa $14 miliyoni za salary cap zinkapita pa anthu omwe sankaisewereranso. Koma amene anandiseketsa ndi goloboyi Rick DiPietro. New York Islanders inamusainitsa zaka 15 mu 2006, n'kumuchotsa mu 2013. Mpaka 2029 azilandira $1.5 miliyoni chaka chilichonse.

Ndinaseka, osadziwa kuti yanga ili m'njira. Patangotha miyezi iwiri ndinalandira imelo ya mizere itatu yondithokoza pa ntchito yabwino. Ndinathamangira kontrakiti yanga, yomwe ndinaisaina pafoni ndili m'minibasi, n'kupeza kuti akhoza kundisiya atandidziwitsa masiku 7 okha. Lendi inali pafupi, komanso fizi ya mng'ono wanga ndinali nditalonjeza kale.

Nditawafotokozera amayi za DiPietro, anandifunsa kuti, "Nanga iwe mwanawe, ako akupatsa zingati?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Poyamba ndinkati osewera aja ndi amwayi basi. Kenako ndinaona kuti chitetezo chawocho sichinagwe kumwamba. Chinalembedwa m'pangano la ligi ndi bungwe lawo la NHLPA, atakangana mpaka masewera kuima. Ife olemba pa intaneti aliyense amasaina payekha, mothamanga, kuopa kuti akafunsa zambiri ntchito ipita kwa wina.

Mwezi watha kunabwera kontrakiti ina. Ndisanayang'ane malipiro, ndinayamba ndi ndime yonena za kuthetsa ntchito, n'kupempha kuti masiku 7 akhale 30. Dzanja linkanjenjemera potumiza uthengawo. Anakhala chete masiku awiri, kenako anavomera.