Moto Wosazima wa M'thupi

Munthu akagona tulo, khasu lake lili pakhonde, anthu amati akupumula. Koma m'kati mwake ntchito siileka ayi. Mtima ugunda, mapapo akoka mpweya, chiwindi ndi impso zisefa magazi, ndipo thupi likhala lofunda ngakhale usiku wozizira wa mu June. Ntchito zonsezi zifuna nkhuni, ndipo nkhuni zake ndicho chakudya. Moto umenewu ukunga wa chikuni chogona m'phulusa, chopanda lawi koma chosazima.

Sindiwo moto waung'ono. Mwa mbale zitatu zimene munthu wa ntchito yopepuka adya, pafupifupi ziwiri zithera pa ntchito yobisikayi. Ubongo wokha, wosafika ndi makilogalamu 2 omwe, utenga gawo limodzi mwa magawo 5 a motowo. Mnofu nawonso udya nkhuni zambiri koposa mafuta, ngakhale mwini wake ali khale pamkeka.

Tsono alipo anthu onenepa amene, poopa nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ayesa kuonda podzimana chakudya kolapitsa. Mantha awo ngoona, koma njira yawo iwanyenga.

M'chaka cha 1944, ku Minnesota m'dziko la America, Ancel Keys anasonkhanitsa anyamata 36 odzipereka okha. M'chaka cha 1945 anawapatsa ngati theka la chakudya chawo kwa miyezi 6. Anaondadi, nataya gawo limodzi mwa magawo 4 a kulemera kwawo. Koma moto wawo unatsika koposa pamenepo, pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10. Anamva tsemwe ngakhale dzuwa lili phwee, mitima yawo inagunda pang'onopang'ono, ndipo analibe nkhani ina koma ya chakudya. Thupi linachita monga mayi wanzeru m'mwezi wa February, amene achepetsa ufa wa mumphika kuti ana afike masika. Atawalola kudyanso, mafuta anabwerera msanga koposa mnofu, kotero kuti ambiri anakhala ndi mafuta opambana a poyamba.

Ena anamizira zaka. Koma m'chaka cha 2021 akatswiri, atayesa anthu oposa 6,000 a m'maiko 29, anapeza kuti moto umenewu susintha kwenikweni kuyambira zaka 20 kufikira zaka 60. Bambo wa zaka 40 amene anasiya khasu nakhala pampando wa mu ofesi, koma mitanda ya nsima ili yomwe ija, asanamizire ukalamba. Chimene chasintha ndi ntchito yake.

Wotere sayenera kugona ndi njala. Achotse mtanda umodzi, achepetse shuga wa mu tiyi ndi zokazinga, koma asasiye nyemba, usipa ndi masamba, pakuti nyemba ndi nsomba zisunga mnofu. Ndipo ngati kuntchito kuli pafupi, ayende pansi, minibasi imupitirire.